Kombi Inkadzaza Koma Ndalama Osaoneka: Lipoti la Tikiti Yogawana ku Mufakose

Ndine mlembi wa kabungwe ka eni makombi (maminibasi) kuno kumadzulo kwa Harare, ndipo mabuku a ndalama ndimasunga ndine. Ambiri mwa ife ndi ana ndi adzukulu a anthu amene anachokera ku Nyasalande kudzagwira ntchito panjanji, m'mafakitale ndi m'mapulazi. Misonkhano yathu imayamba m'Chishona, koma ikafika pa ndalama imatembenukira yokha ku Chichewa. Alembi anzanga a njira zina akhala akundifunsa za tikiti yathu imodzi yokwerera magalimoto awiri, ena akufuna kutengera. Tengerani ndithu, koma muyambe mwamva zimene zinachitikira mayi wina wa m'gulu lathu. Maina sinditchula, ngakhale la bungwe.

Mmene tikiti inabadwira

A ku Harare mukuzidziwa zaka zimenezi, koma ndibwerezeko pang'ono poti nkhani yonse yatsamira pomwepo. Mu Januwale 2019 mafuta atakwera mtengo, boma linabwezeretsa mabasi a kampani yake ya ZUPCO m'misewu ya m'tauni pamtengo wotsika. Kumapeto kwa Malichi 2020 mliri wa korona utatseketsa dziko, makombi a anthu wamba analetsedwa, kupatula amene analowa pansi pa ZUPCO. Ena a ife tinalowa, ena anaimika magalimoto kuseri kwa nyumba mpaka matayala kuphwa. Mu Seputembala 2021 ZUPCO ndi a njanji a NRZ anayambitsa sitima zonyamula anthu opita kuntchito: ya ku Ruwa, ya ku Tynwald, ndi yathu ya ku Mufakose. Mu Meyi 2022 boma linalengeza kuti ena aloledwanso kunyamula anthu m'tauni. Tinabwerera pamsewu, koma tinapeza zitasintha. M'mawa anthu ankathamangira sitima poti inali yotchipa, ena atazolowera timagalimoto ta mushikashika, tonyamula anthu popanda chilolezo. Kombi inkatha kuima parenki nthawi yaitali, mzere wakumbuyo uli mbee.

Bungwe lathu lili ndi magulu awiri. Pali magalimoto asanu amene timawatcha aafupi, otenga anthu kunyumba zatsopano zakuseri kwa Mufakose, kumene msewu ndi fumbi ndi maenje okhaokha, n'kudzawatula parenki pafupi ndi njanji. Ndiye panali makombi 12 aatali, ochoka parenkipo kupita m'tauni. Munthu wa kunyumba zatsopano ankalipira kawiri: masenti 50 m'galimoto yoyamba, dola imodzi m'kombi nthawi ya m'mawa. Masenti 50 m'dziko loyendera dola ya ku America popanda makobidi ake ndi mutu waukulu. Kondakitala akasowa chenji amakuphatikizani anthu awiri osadziwana pa dola imodzi, akuti wakukwatitsani, mukagawane nokha mukatsika.

Maganizo a tikiti imodzi anabwera ndi mnzathu amene anakhalapo ku Joni. Iye anaona khadi ya Gautrain imene umalipirira sitima ndi basi yomwe. Ine ndinawonjezapo zimene ndinawerenga, kuti ku Hamburg m'dziko la Germany makampani a sitima ndi a mabasi anapanga bungwe limodzi mu 1965, munthu n'kumayenda ndi tikiti imodzi mosayang'ana kuti galimoto ndi ya yani. Tonse tinaomba m'manja. Chimene palibe anafunsa, ine ndemwe ayi, n'chakuti kuseri kwa tikitiyo ndalama amagawana bwanji.

Tinagwirizana chonchi. Tikiti ndi dola imodzi kuyambira kunyumba mpaka m'tauni, kapena kuchoka m'tauni mpaka kunyumba. Ndi kapepala kachikasu kong'ambika pakati. Galimoto yoyamba imagulitsa, n'kung'amba chibenthu chimodzi, china wokwera akapereke m'galimoto yachiwiri. Ndalama zonse za matikiti zinkabwera m'thumba limodzi kwa ine. Loweruka tinkagawa: pa dola iliyonse masenti 30 kwa aafupi, masenti 70 kwa aatali. M'kati mwa gulu tinkagawa malinga ndi masiku amene galimoto yayenda sabata imeneyo.

Za masikuzi ndinabweretsa ndine, ndisabise. Kuwerenga zibenthu za magalimoto 17 sabata iliyonse ndinaona ngati ntchito ya kalavula gaga kwa munthu mmodzi wokhala ndi kope ndi bolopeni. Komanso tinkati tikudziwana, ambiri timapemphera limodzi, bungwe la maliro ndi limodzi, angabere mnzake ndani? Ndipo miyezi yoyamba zinayendadi bwino. Mipando inalipo yambiri, munthu wa tikiti ankadzaza malo amene akanapita opanda munthu.

Kumapeto kwa Novembala 2022 sitima zija zinaima. M'mabuku anga sindinasinthe kalikonse.

Chizindikiro choyamba

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lamulungu lina mu Epulo 2023, tikutuluka m'tchalitchi, mayi wina wamasiye anandikokera pambali. Ali ndi kombi imodzi yokha m'gulu la aatali, yosiya malemu amuna awo, ndipo ndi imene imalipira fizi ya adzukulu atatu.

"A mlembi," iwo anatero, "kombi ija ndimaiona ndi maso angawa ikudutsa yodzaza. Nanga bwanji anyamata akulephera tageti? Akumabwera ndi ndalama zoperewera, ndi timapepala todzaza jumbo."

Kwa amene simuli m'ntchitoyi, tageti ndi ndalama imene dalaivala ayenera kupereka kwa mwini galimoto madzulo aliwonse, atachotsa za mafuta. Zotsala pamwamba pake ndiye malipiro a iye ndi kondakitala. Anyamata a mayiwa ankalephera tageti masiku atatu kapena anayi pa sabata, kuyambira cha mu Disembala. Mayi anapirira poganiza kuti ndi mavuto a Januwale, kenako n'kumakwirira ndi ndalama za nkhuku zawo. Gawo la Loweruka ankalandira ndithu, lofanana ndi la anzawo, koma silinkatseka dzenjelo.

Yankho langa ndimachita nalo manyazi mpaka lero. Ndinati, "Mayi, kombi yodzaza ndalama osaoneka, wakuba ndi amene amagwira ndalama. Yambani mwasintha kondakitala." Sindinatsegule buku, sindinapite parenki. Ndinangotola zimene aliyense m'ntchito yathu amanena, poti makondakitala otsina ndalama alipodi. Mayi anamuimitsa mnyamatayo, amene anagwira nawo zaka zinayi, n'kuikapo mwana wa mchemwali wawo. Patatha masabata awiri anandiimbira foni. Zinali chimodzimodzi, mwinanso kuipirapo poti watsopanoyo anali wosazolowera.

Pamenepa mpamene ndinadziwa kuti vuto silili m'thumba la munthu mmodzi.

Zimene ndinaona parenki

Mu Meyi ndinaimirira parenki masiku asanu ndi limodzi, kuyambira 5 koloko m'mawa, kope lili m'jekete. Sindinauze aliyense chimene ndikufuna. Kunkazizira, amayi opita kukaoda kumsika waukulu wa Mbare Musika atafunda zitenje mpaka kumutu, mabeseni ali m'manja. Tsiku loyamba lomwelo, isanakwane 6 koloko, ndinali nditaona zonse.

Galimoto yaifupi inafika, anthu n'kutsika timapepala tachikasu tili m'manja. Kutsogolo kwa mzere kunali kombi ya mnzathu wina, hwindi, ndiye kuti kondakitala, akukuwa kuitana a m'tauni. Atangoona chikasu m'manja mwa bambo wina anatchinga chitseko ndi mkono: "Yadzaza, madala, dikirani yam'mbuyo." Ine ndikuona ndi maso kuti mzere wonse wakumbuyo mulibe munthu. Posakhalitsa mipando ija inadzaza ndi anthu a dola yam'manja, amene kale ankakwera sitima. A matikiti sanakangane n'komwe. Anangopita kukaima pansi pa mtengo, ngati anthu odziwa malo awo. Ndinafunsa mtsikana wina wovala yunifomu ya sukulu kuti akudikira chiyani. Anati, "Kombi ya matikiti." Inali ndi dzina kale. Itafika, inali ya mayi aja.

Pa mipando 18, maulendo awo am'mawa ankanyamula a matikiti 13, nthawi zina 15. Makombi ena awiri, atatu, ena osanyamula ndi mmodzi yemwe. Ulendo umodzi womwewo, mafuta ofanana, wina akutsika m'tauni ndi madola 16 kapena kuposa, wa mayi akutsika ndi madola anayi ndi mapepala. Likafika Loweruka, ine n'kugawa thumba mofanana kwa onse 12, popeza onse ayenda masiku asanu ndi limodzi.

Ndinamufunsa dalaivala wa mayi kuti bwanji iye sawakana. Amakhala kunyumba zatsopano komweko. Anati, "Bambo, amenewa ndi anansi anga. Ndiwasiye pamtengo, madzulo ndikawapatsa moni bwanji?"

Apa alembi anzanga mumvetsetse, chifukwa ndi pamene panagona nkhani. Ndinkaganiza kuti anyamata enawo ndi amwano chabe. Ayi. Ndalama ya tikiti inkapita kwa mwini galimoto Loweruka. Dalaivala ndi kondakitala, amene amadya zotsala pa tageti, sankapeza ngakhale senti pa munthu wa tikiti. Sitima ili kuyenda sizinkawapweteka, mpando unali wopanda munthu kale. Sitima itaima mpando uliwonse wam'mawa unasanduka dola, ndiye kunyamula wa tikiti kunali kuchotsa dola m'thumba mwawo. Tinapanga pangano eni okhaokha, koma amene amasankha wokwera ndi amene waima pachitseko.

Kubowoka kwachiwiri ndinakupeza m'buku langa lomwe. Tikiti inkagulidwa ndi dola ya ku America kapena ndi ndalama ya kuno pamtengo wa tsikulo. Okwera ambiri ankapereka dola yeniyeni. Koma kuthumba kunkafika ndalama ya kuno, pa EcoCash (ndalama za pafoni), Lachisanu madzulo, yowerengedwa pamtengo wa Lolemba. Mu Meyi ndi Juni 2023 dola ya Zimbabwe inkagwa mwakuti mtengo wa m'mawa sunkafika madzulo. Wogulitsa tikiti ankasunga dola yobiriwira ya ku America, thumba n'kulandira ndalama yosungunuka. Aafupi ankatero ndi matikiti am'mawa, aatali ndi amadzulo. Palibe lamulo limene anaswa, poti pangano lathu silinanenepo kanthu za mtundu wa ndalama. Koma wopwetekeka kwambiri anali yemwe uja wodalira thumba kuposa anzake.

Chitini cha mabisiketi

Kuti ndipite kumsonkhano ndinafunika umboni woposa masiku asanu ndi limodzi. Zibenthu zakale panalibe amene ankasunga, zina zinkathera kuyatsira mbaula. Koma mayi aja, mosadziwa kuti zidzathandiza chiyani, ankathira timapepala ta anyamata awo m'chitini chachikulu cha mabisiketi, n'kumaika pansi pa bedi. Chiwerengero cha matikiti onse ogulitsidwa ndinali nacho m'buku. Tinakhala pamphasa ine ndi mwana wanga wamkazi madzulo atatu, kuunjika timapepala makumi awiri awiri. Zinaonetsa kuti kombi imodziyi inanyamula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu onse a matikiti am'mawa, n'kumalandira gawo limodzi mwa magawo 12.

Msonkhano wa mu Juni

Ndisanaitanitse msonkhano ndinapempha a tcheyamani chinthu chimene sichinachitikepo: kuti madalaivala awiri ndi kondakitala mmodzi akhale nawo. Mkulu wina anakana, amvekere, "Antchito pamsonkhano wa eni? Mawa adzatiuza tageti." A tcheyamani analola kuti alankhule n'kutuluka. Zinathandiza kuposa manambala anga onse. Dalaivala wina wachikulire atafunsidwa chifukwa chokanira a matikiti sanazungulire. Anati, "Mabwana, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Pepala limeneli ine ana anga sadya." Panakhala chete, chifukwa aliyense anadziwa kuti akanakhala iye akanachita zomwezo.

Ambiri a gulu la aatali anafuna kuti tikiti ingothetsedwa. Ndinakana, ndipo zifukwa zanga zinali m'buku. Masana ndi madzulo tikiti inkatibweretsera anthu amene akanakwera mushikashika wopita mpaka kunyumba zatsopano osasintha galimoto. Aafupi madzulo ankadzaza chifukwa cha iyo. Vuto linali la maola atatu am'mawa, osati la tsiku lonse. Ena anati tikweze ifike dola ndi masenti 50. Koma pamenepo tikiti yatsala ndi ntchito yanji, poti ndi mtengo wakale womwewo ndi vuto la chenji lomwelo?

Tinamanga izi. Kugawa kwa masiku kunatha, galimoto izilipidwa pa chibenthu chilichonse chimene yabweretsa, nambala yake itadindidwa kumbuyo. Chachikulu kwa ine chinali chakuti chibenthu chiziwerengedwa ngati ndalama pa tageti, dalaivala akapereka zibenthu khumi kwa mwini galimoto zikhale ngati wapereka madola asanu ndi awiri. Mwini ndiye azidikira thumba, osati wantchito.

Panatsalabe kusiyana kwa masenti 70 ndi dola nthawi yam'mawa, ndipo apa mpamene tinakhalitsa mpaka mdima. Aatali ankafuna 80, aafupi n'kumati msewu wawo umathyola masipuling'i mwezi ndi mwezi, sangayende pa masenti 20. Onse ankanena zoona. Tinathera pa 75 ndi 25 isanakwane 8 koloko, nthawi zina zonse 70 ndi 30. Pamwamba pake kombi iliyonse m'mawa izisiya mzere wakumbuyo, mipando inayi, ya a matikiti, woyang'anira renki azichonga m'kope lake. Katundu amene ankasenza munthu mmodzi tinamugawa pamitu 12.

Za ndalama sizinavute. Mabuku a matikiti akhale awiri, obiriwira a dola ya ku America, oyera a ndalama ya kuno. Imene walandira ndi imene upereke. Ya kuno izifika kwa ine tsiku lomwelo, ndipo kugawa kukhale Lachiwiri ndi Lachisanu.

Nkhani yobwezera mayi ndiyo sinandikomere. Ndinawerengetsa zimene anataya pa miyezi isanu ndi umodzi n'kuika patebulo. Anthu anayang'ana pansi. Ena anati ndalamazo zinadyedwa kale, ena anati sanabe, analandira zimene mlembi anawapatsa, ndipo pamenepo sindikanawatsutsa. Anagwirizana zowakhululukira ndalama ya umembala ya chaka chimodzi ndi kuwasonkhera matayala awiri. Sizinafike ngakhale theka. Ine ndinkafuna tilimbikire, koma mayi anandigwira mkono. "Zisiyeni, a mlembi. Bola aona kuti sindinkanama, ndiponso kuti mwana uja sanabe."

Mwana ujayo, kondakitala woimitsidwa uja, ndinakamupeza parenki akuitanira anthu makombi a eni ake kuti apeze ya sopo. Ndinamupepesa pamaso pa anzake, poti mbiri yoti ndi wakuba inamveka pamaso pa anzake omwewo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Madala, ndinawauza mayi kuti muwerenge mapepala aja. Munawerenga mochedwa." Mayi anamuitana kuti abwerere, iye anakana mwaulemu. Pano amagwira m'basi ya ku Blantyre yodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete. Tikakumana amandipatsa moni, koma ndi moni chabe.

Zimene zinatsatira

Eni awiri a gulu la aatali anatuluka m'bungwe mwezi wotsatira, akuti sangauzidwe wonyamula m'galimoto yawo. Tinatsala ndi makombi khumi. Kombi ya mayi inayamba kukwanitsa tageti sabata yachiwiri yomwe. Pansi pa mtengo paja pamaimabe anthu masiku amene woyang'anira renki wachedwa, chifukwa lamulo la mzere wakumbuyo limagwira ntchito pokhapokha pali diso. Ntchito yanga inachuluka kawiri, ndipo bungwe linavomera kulipira mtsikana wondithandiza kuwerenga. Amene mukufuna kuyamba tikiti yotere, ndalama ya wowerenga muiike m'mtengo kuyambira tsiku loyamba. Ife tinaithawa, inadzatipeza ili ndi chiwongoladzanja.

Musaganize kuti kulipira pa chibenthu kunatseka mabowo onse. Kunatsegula lina. Mu Epulo 2024 ndalama ya ZiG italowa m'malo mwa dola ya Zimbabwe, chenji chinasowa mumzinda monse kwa masabata angapo, ulendo wa masenti 50 anthu n'kumalipira dola. Tikiti yathu inafunidwa kwambiri, ngakhale ndi anthu othera parenki pomwepo osapita m'tauni. Lachisanu lina ndikuwerenga ndinapeza kombi ina yabweretsa zibenthu zoposa mipando ya maulendo onse amene inayenda. Nditafufuza, kondakitala wake ankagula zibenthu zosagwiritsidwa ntchito kwa anthu otsikira parenki, kapena kuwapatsa zinthu za patakishopu, n'kudzaziwombola kwa ine pa masenti 70. Pepala tinalisandutsa ndalama tokha, ndiye linayamba kuyenda ngati ndalama. Ulendo uno sindinathamangire kutchula wakuba. Ndinayerekeza kaye zibenthu ndi kope la woyang'anira renki kwa masabata awiri, kenako n'kuitana mwini galimoto ndi mnyamata wake pamodzi. Anavomera, anabweza. Tsopano tikiti imadindidwa deti ndipo imagwira tsiku lomwelo lokha, komanso sindilipira zibenthu zoposa maulendo olembedwa parenki.

M'pangano lathu tinawonjezamo mzere umodzi umene unalibemo poyamba: magawo a 70 ndi 30 aziunikidwa miyezi itatu iliyonse, komanso nthawi yomweyo chikasintha chilichonse parenki, kaya mtengo wa dizilo, kaya ndalama, kaya mabasi atsopano. Sitima ikadzabwerera ku Mufakose mipando yam'mawa idzakhalanso yambiri, ndipo amene adzabwere kudzadandaula adzakhala aafupi, kufuna masenti asanu awo aja. Ndinawauziratu a tcheyamani kuti tsiku limenelo ndidzakhala kumbali yawo.

Mayi aja chitini chawo sanataye. Amabwera nacho Lachisanu lililonse, zibenthu atamanga ndi labala makumi awiri awiri, ndipo sachoka patebulo mpaka nditawerenga iwo akuona.